Apulofesa anga anaferedwa koma sanatiuze: kodi ku Japan maliro amabisa?

Funso: Ndili ku Sendai, ku Japan, ndikuchita digiri yachiwiri. Mwezi watha apulofesa amene amandiyang'anira anasowa kwa sabata yathunthu. Atabwera anatiweramira n'kupepesa kuti atisokonezera ntchito, basi. Ndinadzamva kwa mnzanga wa m'labu kuti anali ku maliro a mayi awo. Nditanena kuti tisonkhe chipepeso tikawaone kunyumba, onse anandiletsa. Mtima wanga sukukhazikika, chifukwa kwathu munthu wosapita ku maliro timamuyesa mfiti. Kodi anandibisira poti ndine mlendo? Nanga anthu amenewa salira? Ndichite chiyani?

Yankho: Achemwali, mtima ukhale pansi. Sanakubisireni chifukwa cha khungu lanu kapena pasipoti. Mukawafunsa bwino anzanu a m'labuwo mupeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anapitako, ndipo mwina ngakhale apulofesa a ofesi yoyandikana anamva zonse zitatha. Maliro oterewa kumeneko amawatchula kuti kazokuso. Pamakhala ana, zidzukulu ndi abale apafupi okha, kawirikawiri osapitirira 30. Uthenga umafika kuntchito mwambo utatha, ndipo kumapeto kwake amalemba mwaulemu kuti banja silikulandira ndalama za chipepeso, maluwa, ngakhale alendo odzapepesa pakhomo. Kukana kumeneko si kwa pakamwa chabe, monga timakanira nsima kwa apongozi uku tikusamba m'manja. Akati ayi, ndi ayi ndithu, ndipo anzanu aja anakuthandizani pokuletsani.

Masiku ano pafupifupi theka la maliro onse a ku Japan ndi a mtundu umenewu. Anali atayamba kale kufala m'mizinda, kenako COVID-19 itabwera mu 2020 anthu anaona kuti n'zotheka kuika munthu popanda chikhamu, ndipo ambiri sanabwererenso ku zakale.

Komabe musaganize kuti Ajapani ndi mmene analengedwera. Agogo a apulofesa anuwo akanauka lero akanadabwa mofanana ndi inu. M'midzi ya ku Japan maliro anali a mudzi wonse. Mabanja oyandikana ankagawana ntchito, ena kukumba manda, ena kunyamula bokosi, amayi kuphika, oferedwa osakhudza kanthu, mofanana ndi mmene adzukulu amatengera ntchito kwathu. Chilango chachikulu cha pamudzi chinali kusalidwa, koma akuluakulu amafotokoza kuti ngakhale wosalidwayo ankamuthandizabe pa zinthu ziwiri: nyumba yake ikapsa, ndi akaferedwa. Chinasintha zinthu ndi kusamukira kwa anthu ku Tokyo, Osaka ndi Nagoya nkhondo yachiwiri itatha, kubwera kwa makampani oyendetsa maliro, ndi kukalamba. Akazi a ku Japan amakhala ndi moyo pafupifupi zaka 87, amuna 81. Mayi akamwalira ali ndi zaka 90 ndi kanthu, anzake a paubwana amakhala atatsogola kale kapena ali gone m'nyumba zosamalira okalamba. Otsala oti n'kubwera ndi anzake a kuntchito a mwana wake, anthu amene malemuwo sanawaonepo n'kamodzi komwe. M'zaka za m'ma 1980, chuma chikusefukira, anthu otere ankabwera mazanamazana, ndipo oferedwa ankatha tsiku lonse akuweramira alendo m'malo molira mayi awo. Ana a nthawi imeneyo ndi amene akuika makolo lero, ndipo ambiri anatsimikiza mumtima kuti zimenezo ayi. Onjezanipo mtengo, poti maliro wamba amadya ndalama zoposa mayen 1 miliyoni (yen ndi ndalama ya ku Japan), komanso kuchuluka kwa imfa: mu 2024 anamwalira anthu pafupifupi 1.6 miliyoni pomwe ana obadwa sanakwane 700,000.

Koma gwero lenileni la kukuletsani lili pa chipepeso, ndipo apa ndi pomwe ife ndi iwo timafanana kwambiri n'kusiyananso kwambiri. Nawonso amapereka. Mukafika pa maliro a anthu onse, pakhomo pa holo mupeza tebulo, anthu awiri kapena atatu ovala zakuda ali chilili. Mumatulutsa envelopu yoyera yomangidwa ndi tizingwe takuda ndi toyera, imene mwaikulunga m'kansalu kuti isapindike, n'kuitembenuza kuti dzina lanu liyang'ane kwa wolandirayo, n'kuipereka ndi manja awiri. Kenako mumalemba m'buku dzina ndi adiresi yanu. Envelopu imeneyo amati koden. Mpaka apa Mmalawi sangasochere, chifukwa nafenso tili ndi kope la chipepeso, ndipo mayina ndi ndalama amaziwerenga pagulu.

Adiresi ija ndiyo nkhani. Pakatha masiku 49, banja limakhala pansi ndi buku lija, kutsegula mndandanda wa amene anapereka, ndipo aliyense amamutumizira mphatso ya mtengo wa pafupifupi theka la zimene anapereka, pamodzi ndi kalata yothokoza. Amasankha zinthu zotha msanga monga tiyi, mabisiketi, sopo kapena matawulo, ati kuti tsoka lisakhalitse m'nyumba ya wolandirayo. Ena masiku ano amapereka mphatsoyo tsiku la maliro lomwelo, koma wopereka zambiri amamutumizirabe ina pambuyo pake. Maenvelopu 200 ndi mitolo 200 yoti isankhidwe, ilipiridwe, itumizidwe, ndipo wochita zonsezi ndi munthu yemwe uja wangoika kumene mayi ake. Kwathu chipepeso ndi ngongole ndithu, paja timati maliro n'kulirana, koma ngongole yake ilibe tsiku. Ndidzakubwezerani zikadzakugwerani, kaya papita zaka khumi, ndipo kukhala ndi ngongole yotere ndi komwe kumatimanga pamodzi. Mjapani ngongole yosabwezedwa imamulemera usiku ndi usana. Mukanakakamiza envelopu yanu, apulofesa akanayamba kuganiza zoti akugulireni chiyani, n'kuchitanso manyazi kuti alandira ndalama kwa mwana wasukulu wochokera kutali amene akudalira ndalama ya sikolashipu. Pokana chipepeso cha aliyense, anadzipeputsira katundu, nakupeputsiraninso inu.

Kupepesa kwawo atabwerera kuntchito kumachokera pa muzu womwewo. Mwana wa ku Japan amakula akumva tsiku ndi tsiku kuti asakhale mtolo kwa anthu ena. N'chifukwa chake m'sitima simumva munthu akuyankhula pa foni, wachimfine ankavala masiki kalekale COVID-19 isanabwere, ndipo wochoka pantchito sabata yathunthu, ngakhale chifukwa chake chikhale imfa, amaona kuti anzake anamusenzera katundu wake. Kwathu ulemu ndi kulowerera: kufunsa, kufika, kukhala pansi, kugona pa siwa. Wapanjinga akaona masamba pamsewu amatsika ngakhale sakudziwa amene wamwalira. Kwa iwo ulemu ndi kumusiyira munthu mpata kuti chisoni chake asachionetse kwa amene sanawasankhe. Onse awiri akufuna kuchitira mnzawo zabwino, koma aliyense akachita zake kwa mnzake zimaoneka ngati mwano.

Tsono zoti salira. Amalira, achemwali, kungoti kulira kwake si kwa mfuu. Ndikuuzeni zimene apulofesa anu ayenera kuti anachita sabata imene anasowa ija, muone ngati munthu wouma mtima angazithe.

Madzulo a tsiku loyamba la mwambo kumakhala tsuya, mchezo wa ola limodzi kapena awiri, wansembe wa Chibuda akuwerenga malemba, anthu akufukiza lubani mmodzimmodzi. M'mawa mwake, mwambo waukulu ukatha, amatsegula bokosi ndipo aliyense amaika duwa pambali pa nkhope ya malemu. Kenako banja limaperekeza bokosilo kumalo owotchera mitembo, poti ku Japan anthu oposa 99 pa 100 aliwonse amawotchedwa. Amaona bokosi likulowa, chitseko n'kutsekedwa, n'kukakhala m'chipinda china akumwa tiyi kwa ola limodzi ndi kanthu. Akawaitana, amapeza thireyi yachitsulo idakali yofunda, mafupa ali mmene munthu anagonera, chifukwa moto wake amaupima kuti mafupa asasanduke phulusa. Wantchito wovala magolovesi oyera amapereka timitengo titalititali. Abale amabwera awiriawiri, n'kunyamula fupa limodzi onse pamodzi, aliyense ndi timitengo take, n'kuliika mumtsuko. Amayambira kumapazi kukwera kumutu, kuti malemu asakhale chadodolido mumtsukomo. Wantchito uja amafotokoza motsitsa mawu kuti ili ndi la mwendo, ili la nthiti. Chakumapeto amaonetsa kafupa ka m'khosi kamene amati kamaoneka ngati Buddha atakhala pansi, ndipo wokanyamula amakhala amene anali pafupi kwambiri ndi malemu, mwina apulofesa anuwo. Ngakhale zidzukulu zazing'ono amazigwiritsa timitengo. Kumadera a kum'mawa, monga Tokyo ndi kwanuko ku Sendai, amatola mafupa onse; ku Osaka ndi Kyoto amatola ochepa, mtsuko wake n'kukhala waung'ono. Akatha, mwana amanyamula mtsukowo pachifuwa kupita nawo kunyumba.

Ife ntchito yokhudza thupi timaisiyira adzukulu, ndipo ndani wa ife angatole mafupa a mayi ake ndi dzanja lake osakomoka? Ukadziwa zimenezi umamvetsanso malamulo awiri a patebulo amene mwina anakuuzani kale popanda chifukwa: osapatsirana chakudya kuchoka pa timitengo kupita pa timitengo, ndi osazika timitengo chilili mumpunga, poti mbale ya mpunga yozikidwa choncho amaiika kumutu kwa mtembo.

Kuwotcha kumeneku kunabwera ndi Chibuda. Mfumukazi Jito inawotchedwa m'chaka cha 703, koma kwa zaka mazana ambiri anthu wamba kumidzi ankakwiriridwa. Boma la Meiji linafika poletsa kuwotcha mu 1873, n'kubweza lamulolo mu 1875 malo a manda atayamba kusowa m'mizinda. Ngakhale zaka 100 zapitazo oposa theka ankakwiriridwabe.

Ndipo maliro sathera pamenepo. Mtsuko uja umakhala m'nyumba, pa katebulo kokhala ndi chithunzi, maluwa ndi lubani, mpaka tsiku la 49, limene Abuda amakhulupirira kuti mzimu umamaliza ulendo wake. Wansembe amabweranso, kenako mafupa amakaikidwa m'manda a banja, momwe muli kale a makolo ena. Dzina latsopano limene wansembe anapatsa malemu limalembedwa pa kathabwa, n'kuikidwa mu butsudan, kabati ya makolo imene imakhala m'nyumba. M'mawa uliwonse wina amatsegula zitseko zake, kuikamo kambale ka mpunga woyamba kupakulidwa ndi kapu ya tiyi kapena madzi, kuliza kabelu, n'kuwauza agogo nkhani za pakhomo: mdzukulu wakhoza mayeso, uje akukwatiwa. Mlendo akabweretsa maswiti amayamba aikidwa pamenepo anthu asanadye. Banja limasonkhananso pakatha chaka, pakatha zaka ziwiri, kenako pa mwambo wa chaka cha 7, cha 13, mpaka cha 33, pomwe ambiri amati malemu tsopano walowa m'gulu la makolo onse. Pa Obon, kuyambira 13 mpaka 16 Ogasiti m'madera ambiri, mizimu imabwera kudzacheza kumudzi, sitima ndi misewu zimadzaza ndi anthu opita kwawo kukatsuka manda. M'nyumba zina mudzaona nkhaka ndi biringanya zobayidwa timiyendo ta timitengo. Nkhaka ndi hatchi yoti makolo abwere msanga, biringanya ndi ng'ombe yoti abwerere pang'onopang'ono. Ku Kyoto amawaperekeza ndi moto waukulu pa mapiri asanu usiku wa pa 16.

Mchewa amene anaonapo bona kapena nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, ndi Myao amene amadziwa sadaka ya arubaini, sangaone chachilendo apa. Chodabwitsa n'choti Mjapani yemweyo mukamufunsa chipembedzo chake adzakuuzani kuti alibe. Kwa iye zimenezi ndi ulemu wa pabanja basi. Ubale wa mabanja ndi akachisi a Chibuda unakhazikika m'zaka za m'ma 1600, boma la Tokugawa litalamula kuti banja lililonse lilembetse ku kachisi posonyeza kuti si la Chikhristu. Mpaka lero Akhristu ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 100, ndipo maliro ambiri ndi a Chibuda. Ife timasonkhanitsa anthu chikwi masiku awiri, kenako m'meto, chiliza, n'kumakumbukira mwa apo ndi apo. Iwo amasonkhana anthu 20, koma kwa zaka zoposa 30.

Sindikunena kuti njira yawo ndi yabwino kuposa yathu. Khalidwe losafuna kuvutitsa anthu lili ndi mtengo wake woopsa. Apolisi a ku Japan anawerengera kuti mu 2024 anthu oposa 76,000 okhala okha anamwalirira m'nyumba zawo, ndipo ena anapezeka patapita mwezi kapena kuposa. Nkhalamba imene inaphunzitsidwa kuyambira ubwana kuti isagogode pakhomo pa mnzake siyamba kugogoda ili ndi zaka 85. Alipo Ajapani ambiri amene amadandaula kuti anamva za imfa ya mnzawo wapamtima patapita miyezi, osapeza mpata wotsanzikana naye. Pamenepa ine ndimaona kuti masamba athu a pamsewu ndi chuma. Koma nafenso tisadzinamize. Tonse tinaonapo nkhokwe ikutha m'masiku atatu, mayi wamasiye n'kutsala ndi ngongole ya bokosi ndi ya ndiwo zimene anadya anthu osamudziwa n'komwe.

Chochita chanu tsopano n'chochepa, ndipo kuchepa kwakeko n'kumene kukuvutani. Musapite kunyumba kwawo, musawapatse envelopu, musawakumbatire. Mukapezana nawo awiri, osati pagulu, weramani pang'ono n'kunena motsitsa mawu kuti "Okuyami moshiagemasu," omwe ndi mawu awo opepesera woferedwa. Ngati mumayankhulana m'Chingerezi, chiganizo chimodzi chonena kuti mwamva ndipo mukuwapepesa n'chokwanira. Adzayankha mwachidule, mwina n'kupepesanso kuti akudetsani nkhawa, ndipo nkhani ithere pomwepo. Musafunse kuti anadwala chiyani. Kwathu ndi funso loyamba, ndipo mbiri ya matenda imanenedwa ngakhale kumanda, koma kumeneko kufunsa zimenezo n'kulowa m'chipinda cha eni. Musawalalikirenso, ngakhale mawu a chitonthozo a m'Baibulo ali pakamwa penipeni. Ngati mtima ukukanabe, lembani kakalata kafupi ka pamanja kopanda ndalama, poti kameneko sikafuna kubwezedwa. Mukhoza kutchulamo kuti kwanu anthu amagona pa maliro a mnzawo, ndipo mwakhala mukuwaganizira. Aphunzitsi ambiri zotere zimawakhudza. Chinanso chimene adzachiwerenge ngati chipepeso chenicheni ndi ichi: m'miyezi ino perekani ntchito yanu pa nthawi yake, musawapatse chifukwa chokuthamangitsani.

Tsiku lina mudzaitanidwa ku maliro a anthu onse, ndiye mukonzekeretu. Zovala ndi zakuda zokhazokha, nsapato ndi chikwama chomwe, zopanda chonyezimira. Chitenje chisiyeni m'sutikesi. Envelopu mugule ku konbini, timasitolo tating'ono togulitsa zofunika za tsiku ndi tsiku, kapena ku sitolo ya mayen 100, ndipo muonetsetse kuti tizingwe take ndi takuda ndi toyera, chifukwa ya tofiira ndi toyera ndi ya zikondwerero monga ukwati. Kwa mwana wasukulu mayen 3,000 kapena 5,000 akwana. Pewani 4 ndi 9, manambala amene katchulidwe kake kamafanana ndi imfa ndi mazunzo, ndipo musaikemo ndalama zatsopano za kubanki, poti zimaoneka ngati munakonzekeratu imfayo. Pofukiza lubani yang'anani amene ali patsogolo panu. Akhristu ena amafukiza poona kuti ndi ulemu chabe, ena amangoima n'kuwerama, ndipo palibe amene adzakukokeni dzanja. Zimenezo mukambirane ndi chikumbumtima chanu musanafike pamzere. Akakuitanirani chakudya pambuyo pa tsuya, lawani ngakhale pang'ono, musakhalitse. Mwina adzakupatsani kapaketi ka mchere koti mudziwaze musanalowe m'nyumba mwanu, monga ife timasambira m'manja pochokera kumanda. A mpingo wa Jodo Shinshu sapereka mcherewo, chifukwa amakana zoti imfa imadetsa munthu.

Pali china chimene Amalawi okhala kumeneko sakonda kuchiganizira. Mnzanu akamwalira ku Japan, aliyense adzangoganiza kuti awotchedwa. Lamulo la 1948 limaletsa kuwotcha kapena kuika munthu maola 24 asanathe, ndipo silikaniza kukwirira, koma manda olola kukwirira ndi ochepa kwambiri, moti Asilamu akhala akuvutika nazo, monga mkangano wa zomanga manda a Asilamu m'tauni ya Hiji, m'chigawo cha Oita, unasonyezera. Ngati banja likufuna thupi libwerere kumudzi, uzani achipatala ndi a kampani ya maliro nthawi yomweyo, dziwitsani ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tokyo, ndipo inu nomwe onani lero ngati inshulansi yanu imalipira ulendo wotere.

Za apulofesa anu, chatsala ndi cha kumapeto kwa chaka. Mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala mabanja oferedwa amatumiza kakhadi kopanda mitundu yowala, kodziwitsa kuti ali pa chisoni ndipo sapereka moni wa chaka chatsopano. Kaya mulandire kaya ayi, musawatumizire khadi ya chaka chatsopano, ndipo mukakumana mu Januwale musawauze "Akemashite omedeto gozaimasu," moni wokondwerera chaka chatsopano, monga mudzauzire ena onse. Nenani "Kotoshi mo yoroshiku onegai shimasu" basi, kupempha kuti mupitirize kugwira ntchito limodzi chaka chimenecho. Ngati mukufuna kuwalembera, dikirani pa 7 Januwale padutse, mutumize khadi yofunsa za moyo wawo m'nyengo yozizira, yotchedwa kanchu mimai, imene ili yololedwa kwa oferedwa.